Masamu obwereka pa intaneti: momwe makompyuta amapezerana ntchito ndi tanthauzo lake ku Chigwa cha Shire

Funso lakuti mtsinje wa Shire ukwera kufika pati mawa ndi funso la masamu. Chimodzimodzinso funso la mlimi wa nzimbe ku Nchalo lakuti munda wake ukufunika madzi ochuluka bwanji sabata ino. Mapulogalamu a pakompyuta oyankha mafunso oterewa alipo ambiri, koma ena ndi odula, ena amafuna makina amphamvu omwe ofesi ya kwa DC ku Chikwawa singakhale nawo, ndipo pafupifupi onse amafuna katswiri woti awaike ndi kumawasamala.

Kwa zaka zoposa 20 tsopano akatswiri akhala akukonza njira ina. Pulogalamu ya masamuyo imakhala komwe ili, kaya ndi pa kompyuta yaikulu ku Ulaya kapena ku Lilongwe, ndipo wofuna yankho amangotumiza manambala ake kudzera pa intaneti n'kulandira zotsatira. Pulogalamu yogwira ntchito mwa njira imeneyi imatchedwa web service. Imasiyana ndi tsamba wamba la pa intaneti chifukwa tsamba limalembedwera maso a munthu, pamene web service imayankhula ndi pulogalamu inzake, mwachitsanzo ya mufoni ya mlangizi wa zaulimi, popanda munthu wokopera manambala pakati.

Ganizoli si lachilendo. Cha m'ma 1996, malo ofufuzira a Argonne National Laboratory ku America adatsegula NEOS Server, komwe aliyense amatha kutumiza vuto la masamu la mtundu wofuna njira yabwino kuposa zonse, monga kagawidwe ka magalimoto ochepa m'misewu yambiri, n'kulandira yankho kwaulere. Mpaka lero ikugwirabe ntchito pansi pa University of Wisconsin-Madison. Kutumiza funso ndi kulandira yankho, kotero, kudatheka kalekale. Chomwe chidatsala ndi chovuta kuposa pamenepo: kodi kompyuta ingadziwe bwanji payokha kuti mwa mapulogalamu masauzande omwe ali pa intaneti, woyenera funso lake ndi uti, ndipo ingatsimikize bwanji kuti iyo ndi pulogalamuyo akumvana pa tanthauzo la manambala omwe akupatsirana?

Tanthauzo lomwe makina angaligwire

Apa ndi pomwe pamabwera luso lotchedwa semantic web. Dzinali lidatchuka mu May 2001 pamene Tim Berners-Lee, yemwe adayambitsa World Wide Web, adalemba nkhani m'magazini ya Scientific American pamodzi ndi James Hendler ndi Ora Lassila. Mfundo yawo idali yakuti zinthu zoikidwa pa intaneti zizilembedwanso mwa njira yoti makina azitha kudziwa kuti chilichonse n'chiyani ndipo chikugwirizana motani ndi chinzake.

Dzina lakuti Mwanza likuonetsa bwino vutoli. Munthu wa ku Chikwawa akamva kuti Mwanza wadzaza, amadziwa kuti akunena mtsinje womwe umatsika kudzera kwa Chapananga n'kukathira mu Shire. Kompyuta ilibe nzeru zotere. Kwa iyo, Mwanza atha kukhala mtsinjewo, boma la Mwanza la kumalire ndi Mozambique, kapenanso mzinda wa Mwanza wa m'mphepete mwa nyanja ya Victoria ku Tanzania. Ngakhale dzina la boma lenilenilo limavuta, poti m'zikalata zina limalembedwa Chikwawa pomwe mwina lili Chikhwawa, ndipo m'mabuku a nthawi ya atsamunda Nsanje ndi Port Herald. Pulogalamu yongofananitsa zilembo ingaone ngati awa ndi malo osiyana, n'kutaya theka la ziwerengero zomwe imafuna.

Semantic web imathetsa izi popatsa chinthu chilichonse chizindikiro chakechake chosasintha, chooneka ngati adiresi ya pa intaneti, ndipo mayina onse a chinthucho amalumikizidwa ku chizindikirocho. Nkhokwe ya Wikidata, yomwe idayamba mu 2012, imachita zimenezi pa malo, anthu ndi zinthu mamiliyoni ambiri. Kenaka mfundo iliyonse imalembedwa m'zigawo zitatu, chinthu, ubale ndi chinthu chinzake: Mwanza, amathira mu, Shire, Ruo, amathira mu, Shire, Shire, amathira mu, Zambezi. Kalembedwe aka kamatchedwa RDF ndipo bungwe la W3C, lomwe limakhazikitsa malamulo a World Wide Web, lidakavomereza mu 1999.

Pamwamba pa RDF pamakhala chomwe amachitcha ontology, womwe ndi mndandanda wa mawu a ntchito inayake, matanthauzo ake ndi malamulo a ubale wawo. Chiyankhulo cholembera ontology chimatchedwa OWL ndipo chidavomerezedwa mu February 2004. Ubwino wake ndi wakuti makina amatha kupeza mfundo yomwe palibe adailemba. Atauzidwa kuti madzi othira mumtsinje wina amapitirira kukafika komwe mtsinjewo ukuthira, makinawo angadziwe okha kuti mvula yogwa ku Mulanje, komwe Ruo amachokera, ili ndi gawo pa madzi odutsa ku Nsanje.

Zomwe adayesa a MONET

Masamu nawo ali ndi kusamveka kwawokwawo. Chilembo chimodzi chitha kuimira kutalika m'buku lina ndi nthawi m'buku lina. Pofuna kuti makina asamasokonezeke, padakonzedwa MathML, yomwe W3C idavomereza mu 1998, ndi OpenMath, yomwe imasunga tanthauzo la chizindikiro chilichonse cha masamu m'timabuku totanthauzira toti aliyense angatione.

Pakati pa 2002 ndi 2004, European Union idalipirira ntchito yotchedwa MONET, kufupikitsa kwa Mathematics on the Net, yomwe cholinga chake chidali kulumikiza zonsezi. Mwa omwe adagwira nawo padali kampani ya NAG ya ku Oxford, yodziwika ndi mapulogalamu owerengetsera, komanso mayunivesite a Bath ndi Manchester. Iwo adakonza kalembedwe koti pulogalamu iliyonse ya masamu izidzifotokozera: mtundu wa vuto lomwe imathetsa, zomwe imafuna kupatsidwa, zomwe ziyenera kukhala zoona isanayambe, zomwe imabweza, ndi njira yomwe imatsata powerengetsera. Pogawa mavuto m'magulu adagwiritsa ntchito mndandanda wa GAMS wa bungwe la NIST la ku America.

Pakati pa wofunsa ndi mapulogalamuwo adaikapo pulogalamu ina yokhala ngati mkhalapakati. Wofunsa amauza mkhalapakatiyo vuto lake, iye n'kuyang'ana m'kaundula wa mafotokozedwe aja n'kusankha pulogalamu yoyenera. Kusankhako kumatsata tanthauzo, kotero kuti pulogalamu yomwe imathetsa gulu lalikulu la mavuto imapezeka ngakhale wofunsayo watchula kagulu kakang'ono ka m'kati mwake, dzina lake lili losiyana. Ngati palibe pulogalamu imodzi yokwanira, cholinga chidali chakuti mkhalapakati alumikize ziwiri kapena zitatu, zotuluka mu ina n'kukhala zolowa mu inzake.

MONET idaonetsa kuti izi n'zotheka, koma siidasanduke msika waukulu wa masamu monga ena ankayembekezera. Kulemba mafotokozedwe olondola ndi ntchito yotopetsa yomwe mwini pulogalamu sapindula nayo msanga. Ngakhale kaundula wamkulu wa ma web service a zamalonda wotchedwa UDDI, yemwe ankayendetsedwa ndi IBM, Microsoft ndi SAP, adatsekedwa kumayambiriro kwa 2006. Zomwe zidapulumuka ndi zidutswa: zizindikiro zosasintha, mindandanda ya mawu ogwirizana, ndi chizolowezi cholemba bwino zomwe nambala iliyonse ikuimira. Zidutswa zimenezi ndi zomwe zikugwira ntchito m'mapulogalamu a zanyengo, a mapu ndi a zaulimi lero.

Nambala yopanda muyeso

Wina angaone ngati kulimbikira pa matanthauzo n'kuchulutsa gaga m'diwa. Mbiri ikutsutsa. Mu September 1999 bungwe la NASA lidataya chombo cha Mars Climate Orbiter chifukwa pulogalamu ina inkapereka manambala m'miyeso ya mapaundi pomwe inzake inkawalandira ngati ali m'miyeso ya ma newton. Pulogalamu iliyonse inkawerengetsera molondola payokha. Cholakwika chidali pa mpata wa pakati pawo.

Mipata yotere ku Chigwa cha Shire ilipo yambiri. Mlimi amatchula munda wake m'maekala pomwe mapulogalamu ambiri amafuna mahekitala, ndipo hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi 2.47. Madzi okuya milimita imodzi pa hekitala ndi malita 10,000. Tiyerekeze kuti mbewu ikufuna mamilimita 6 pa tsiku: munda wa mahekitala awiri ufuna malita 120,000, pomwe wa maekala awiri ufuna ochepera 49,000. Pulogalamu yosafunsa muyeso ingamuuze mlimi wa maekala awiri kuti apope madzi ochuluka kuwirikiza kawiri ndi theka, mafuta a pampu n'kupsa pachabe, feteleza n'kukokoloka.

Pa mitsinje nkhani yake ndi yaikulu kuposa apa. Kukwera kwa madzi pa chipilala choyezera, komwe kumawerengedwa m'mamita, n'kosiyana ndi kuchuluka kwa madzi odutsa pa sekondi iliyonse. Kuti muchoke pa nambala yoyamba kufika pa yachiwiri pamafunika mlozo wopangidwira malo amenewo, ndipo mlozowo umasiya kulondola mchenga ukadzaza mumtsinje kapena mtsinje ukasintha njira, zomwe Ruo ndi Mwanza amachita kawirikawiri. Zolembedwa zakale za nthawi ya Nyasaland zili m'mafiti, pomwe kiyubiki mita imodzi ndi makiyubiki fiti oposa 35. Mapu akale a dziko lino adajambulidwa potsata muyeso wa Arc 1950, pomwe GPS ya mufoni imatsata WGS 84, ndipo malo amodzi omwewo angasiyane ndi mamita oposa 100 pa mapu awiriwo. Kumtunda kusiyana kotere mwina sikungaphe munthu, koma ku Makhanga kapena m'mbali mwa dambo la Elephant Marsh mamita 100 ndi omwe angalekanitse nyumba youma ndi yomira.

Zomwe zafika kale ku Chikwawa

Malinga ndi kalembera wa 2018, boma la Chikwawa lili ndi anthu 564,684 ndipo la Nsanje 299,168. Maboma awiriwa adakhudzidwa kwambiri ndi madzi osefukira a January 2015, a March 2019 pa nthawi ya namondwe wa Idai, a January 2022 pa nthawi ya Ana, komanso a March 2023 pa nthawi ya Freddy. N'chifukwa chake mbali yaikulu ya luso lomwe lafika kuchigwaku ikukhudza madzi.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010, boma mothandizidwa ndi World Bank lidatsegula MASDAP, nkhokwe ya pa intaneti ya mapu ndi ziwerengero za malo a dziko lino. Idamangidwa pa pulogalamu ya GeoNode, yomwe imatsata malamulo a bungwe la Open Geospatial Consortium, kutanthauza kuti pulogalamu ina itha kufunsa kaundula wake kuti muli mapu anji n'kuwatenga yokha. Mu 2014, gulu la Humanitarian OpenStreetMap Team, mogwirizana ndi nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya Dodma ndi nthambi yoona za mapu, lidaphunzitsa anthu kulemba nyumba, misewu ndi malo ena a ku Chikwawa ndi Nsanje pa mapu a OpenStreetMap.

Pa ntchito yomweyo padaphunzitsidwanso pulogalamu ya InaSAFE, yomwe idayambira ku Indonesia. Iyo imatenga mapu a komwe madzi angafike n'kuwasanjika pa mapu a nyumba ndi anthu, kenaka n'kuwerengetsera kuti angakhudzidwe ndi angati ndipo angafune chakudya ndi madzi akumwa ochuluka bwanji. InaSAFE imaikidwa pa kompyuta ya munthu, siili pa intaneti ngati web service, koma ili ndi khalidwe lomwe a MONET akadalizindikira: imakana kuyamba kuwerengetsera mpaka itauzidwa kuti mapu awa akuimira ngozi kapena zinthu zomwe zili pangozi, ndiponso kuti manambala ake ndi kuya kwa madzi kapena akungosonyeza ponyowa ndi pouma.

Chitsanzo chenicheni cha masamu obwereka ndi GloFAS, njira yolosera madzi osefukira pa dziko lonse yomwe idakonzedwa ndi nthambi yofufuza ya European Commission pamodzi ndi likulu lolosera zanyengo la ECMWF. Idayamba kutulutsa zolosera tsiku ndi tsiku mu 2011 ndipo mu 2018 idakhala gawo lokhazikika la ntchito ya Copernicus. Makompyuta ake amatenga zolosera za mvula n'kuzilowetsa m'pulogalamu ya LISFLOOD, yomwe imawerengetsera madzi olowa m'nthaka, ouluka ndi dzuwa ndi otsikira m'mitsinje. Poti mvula ya mawa siidziwika ndendende, kuwerengetseraku kumabwerezedwa kokwana 51, nthawi iliyonse poyambira pake patasinthidwa pang'ono, ndipo kuchuluka kwa mayankho odutsa malire ena ake ndi komwe kumasonyeza kukula kwa chiopsezo. Shire ndi umodzi mwa mitsinje yomwe aliyense wolembetsa angaione pamenepo kwaulere.

Malire amenewo nawonso amafuna kumvetsedwa. GloFAS imanena za madzi a zaka 2, 5 kapena 20. Madzi a zaka 20 satanthauza kuti akabwera chaka chino ndiye kuti anthu apuma zaka 19. Tanthauzo lake ndi lakuti chaka chilichonse pali mwayi umodzi mwa 20 woti madzi afike pamenepo, ndipo atha kutero zaka ziwiri zotsatizana. Anthu omwe adaona Ana ndi Freddy m'miyezi 14 yokha safunika kuuzidwa zambiri pa mfundoyi.

Palinso GEOGLOWS, yomwe idakonzedwa ndi akatswiri a Brigham Young University ku America mogwirizana ndi ECMWF. Iyo idadula mitsinje ya dziko lonse m'zigawo, chigawo chilichonse n'kuchipatsa nambala yake, ndipo pulogalamu iliyonse yotumiza nambalayo imalandira zolosera za masiku 15. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020, Dodma mothandizidwa ndi UNDP, bungwe la RCMRD la ku Nairobi ndi la ICIMOD la ku Kathmandu idalumikiza zolosera za GEOGLOWS ndi zipangizo zoyezera madzi zoikidwa m'mitsinje ya m'maboma ena a dziko lino, pofuna kuti chenjezo lizifika kumidzi nthawi ikadalipo.

Kunena mosabisa, zonsezi zakwaniritsa theka lokha la loto la MONET. Masamu akuchitikira kutali ndipo mayankho akubwera pa intaneti, koma wosankha pulogalamu ndi wolumikiza ina ku inzake akadali munthu, katswiri yemwe wawerenga malangizo ake m'Chingerezi.

Mbali ya mthirira

Ntchito ya Shire Valley Transformation Programme ikukumba ngalande yaikulu yotenga madzi a Shire pa Kapichira kuti ithirire mahekitala 43,370 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Kugawa madzi a ngalande imodzi kwa magulu ambiri a alimi ndi masamu a tsiku ndi tsiku. Njira yodziwika ndi ya Penman-Monteith yomwe bungwe la FAO lidaifotokoza mu 1998: kuchokera pa kutentha, chinyezi cha mumpweya, mphepo ndi dzuwa, munthu amapeza madzi omwe munda wa udzu ungataye pa tsiku, kenaka amachulukitsa ndi nambala ya mbewu yake malinga ndi msinkhu wake. FAO ili ndi mapulogalamu a CROPWAT ndi AquaCrop ochitira zimenezi, ndipo mu 2017 idatsegula WaPOR, yomwe imagwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti kuyerekeza madzi omwe minda ya mu Africa ikugwiritsa ntchito.

FAO yomweyo ndi yomwe imasunga AGROVOC, mndandanda wa mawu a zaulimi womwe udayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndipo tsopano udalembedwa mwa njira ya semantic web m'ziyankhulo zoposa 40. Phindu la mndandanda wotere kwa mlimi wa ku Ngabu ndi looneka. Mawu akuti mapira, mchewere, nandolo kapena chitowe atalumikizidwa ku zizindikiro zoyenera, m'Chichewa, m'Chimang'anja ndi m'Chisena, pulogalamu ya mufoni ingathe kumva funso m'chiyankhulo cha mlimiyo n'kukatenga nambala yolondola ya mbewuyo kwina kulikonse. Imeneyi ndi ntchito yomwe katswiri wa ku Rome sangaigwire. Ikufuna odziwa ziyankhulozo, ndipo masukulu monga MUST ku Thyolo, MUBAS ku Blantyre, LUANAR ku Bunda ndi University of Malawi ku Zomba ali ndi ophunzira masamu, ulimi, makompyuta ndi ziyankhulo omwe angaithe.

Pomwe pali malire

Pulogalamu yolosera dziko lonse imaona nthaka m'mabwalo akuluakulu. GloFAS, kuyambira mu 2023, imagwiritsa ntchito mabwalo a makilomita pafupifupi 5 mbali iliyonse. Izi n'zokwanira pa mtsinje waukulu, koma timitsinje totsika m'mapiri a Thyolo kupita kum'mawa kwa Shire timadzaza m'maola ochepa, ndipo zolosera zotuluka kamodzi pa tsiku sizingatigwire. Shire nayenso sayenda mwachilengedwe chokha, chifukwa madzi ake amatsegulidwa ndi kutsekedwa pa Kamuzu Barrage ku Liwonde. Pulogalamu yosadziwa zomwe zasankhidwa ku Liwonde ingaphonye za ku Chikwawa. Zolosera zakutali zimalondola pokhapokha zikamayerekezedwa ndi miyeso yeniyeni ya pamtsinje, ndipo chipilala choyezera chikakokoloka osabwezeretsedwa, masamu onse a ku Ulaya amatsala opanda powatsimikizira.

Vuto lina ndi lakuti chobwereka pa intaneti chimafuna magetsi ndi netiweki pa nthawi yomwe zonse ziwiri zimasowa. Namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira, n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 pa magetsi a dziko lino kwa nthawi yoposa chaka, ndipo adaononganso poyambira ngalande ya mthirira ija. N'chifukwa chake opanga njira zochenjezera amasunga zolosera zomaliza pa makina a pafupi, ndipo uthenga womaliza umadutsabe pa wailesi, pa SMS, ndi kwa makomiti a m'midzi oona za ngozi omwe amayenda ndi zimkuzamawu ndi mawenzulo.

Posachedwapa mapulogalamu a nzeru zopangidwa omwe amacheza ndi anthu atsitsimutsa funso lakale lija. Mapulogalamuwa amalemba chiganizo chosalala koma amatha kulakwitsa masamu, choncho owapanga amawalumikiza ku mapulogalamu enieni owerengetsera, aliyense ali ndi kafotokozedwe ka zomwe amachita ndi zomwe amafuna kupatsidwa. Wosankha tsopano ndi pulogalamu yochezayo m'malo mwa mkhalapakati wa MONET, ndipo imasankha potengera zomwe zalembedwa m'kafotokozedweko. Ngati sipadalembedwe kuti malo akufunika m'mahekitala, kapena kuti Mwanza wotchulidwayo ndi mtsinje wa kwa Chapananga, yankho lofika pa foni ya mlangizi ku Chikwawa litha kukhala la munda wa kukula kwina, m'mphepete mwa nyanja ya Victoria.